Chikhatho, Kamera ndi Maloweruka Asanu

Pa nkhani ya kunenerera mtengo, ine sindinagonjepo kwa munthu, ndipo ndikunena izi popanda manyazi. Ndili ndi kashopu kanga ku Edmonton, kufupi ndi Tottenham, komwe ndimagulitsa mafoni ndi makamera a kaunjika, ndipo ndalimbanapo ndi Ataki, Anaijeriya ngakhalenso Amwenye amene anabadwira kuseri kwa kauntala, koma onse amatuluka akukanda m'mutu. Luso limeneli ndinalitola mu msika wa ku Ndirande ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Pali munthu mmodzi yekha amene mkazi wanga amaumirira kuti anandidya ndikuona. Ine ndimakana. Ndiye ndikufotokozerani mmene zinayendera, mlanduwo mugamule nokha.

Munthuyo ndi a Kamanga, ndipo mpaka lero fungo la buledi wopserera likandipeza, ndimangozindikira ndaima pakhomo pawo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Tottenham, m'nyumba yakale ya njerwa imene anaidula pawiri, ine ndi mayi pamwamba, iwo pansi. N'chifukwa chake ndinkawatcha agogo a pansi, powasiyanitsa ndi agogo anga enieni, mayi awo a mayi anga, amene anandilera ku Ndirande mpaka pamene mapepala oti ndibwere kuno kunja anatuluka. Buledi ankamuotcha dala mpaka ade, ati wa kuno ndi wofewa ngati thonje, ndiye m'mawa uliwonse utsi wake unkakwera m'masitepe utasakanikirana ndi fungo la mankhwala opaka pachifuwa ndi la chikwama chachikopa chimene ankachipukuta ndi polishi wa nsapato, ndipo pamwamba pa zonsezo pankalira kaalamu ka utsi, kamene ankakakupiza ndi thaulo uku akukakalipira ngati mwana wosamva.

Kale anali ndi situdiyo yojambula zithunzi ku Limbe, ija ya nsalu yojambulidwa phiri kumbuyo ndi maluwa apulasitiki pambali. Kuno anabwera potsatira mwana wawo wamkazi, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi mzungu wa ku Sweden n'kusamukira komweko. Iwo anakayesako nyengo imodzi yozizira, n'kubwerera ku Tottenham, ati kumene kuja munthu umatha sabata osapeza womufunsa kuti wadzuka bwanji. Chimene anabwera nacho chinali chithunzi chachikulu chimene anachipachika pamwamba pa hita yotenthetsera nyumba: chinyama chakuda, chachitali miyendo, mphuno yolendewera ngati ya ngamila, nyanga zotambasuka ngati mafosholo awiri, chitaima mu sinowo, chipale choyera chija, dzuwa litangolowa. Azungu amachitcha muusi, koma iwo ankangoti ntchefu ya kuchisanu. Chodabwitsa chinali chakuti, ngakhale chinali chakuda pakati pa zoyera zokhazokha, ubweya wake unkaoneka kamodzikamodzi, ndipo m'diso mwake munali kadontho ka kuwala.

Ine nthawi imeneyo zithunzi zinalibe nane ntchito. Kusukulu Chingerezi changa ankachiseka, koma malonda anga sankawaseka. Ndinayamba ndi ambulera ya mayi, yabwino, ya chogwirira chamtengo, imene ndinawauza ndi nkhope yachisoni kuti ndaiiwala m'basi. Ambulerayo inabala nsapato zosewerera mpira, nsapatozo zinabala kagemu ka m'manja, ndipo kagemuko kanabala kakamera kasiliva kolowa m'thumba la malaya. Mayi ndinawauza kuti kakamerako wandipatsa mnzanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anali atatopa ndi shifiti, ndiye nkhaniyo inagona.

Chaka chimenecho mayi anavomerezedwa kukhala namwino weniweni pa chipatala chachikulu cha ku Edmonton, atatha zaka akusambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba zowasamalira. Anapatsidwa yunifomu yoyera mbee, ya kamzere kabuluu m'khosi. Agogo a ku Ndirande atamva, anapempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha mwana wawo atavala yunifomuyo. Anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osamuona, ndipo ng'ala inali itayamba kuwaphimba m'maso, moti ankati zinthu amaziona ngati kuseri kwa utsi. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti ntchitoyo ndi yanga. Ndinawaimika mayi pakhoma loyera la pabalaza, fulashi inang'anima, tinakatsukitsa chithunzi, n'kutumiza pa positi.

Patatha masabata atatu tinagula khadi lokanda lija loimbira kumudzi. Mayi anakweza foni kuti nane ndimve.

“Ndalandira chithunzi cha diresi,” anatero agogo. “Diresilo ndi labwino ndithu. Nanga mwini wake mutumiza liti?”

Mayi anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma foni itadulidwa anakhala m'khitchini nthawi yaitali, madzi akungotayika pa mpopi, mbale osatsuka. Ndinatenga kope lathu la chithunzicho n'kuliyang'ananso. Agogo sananame. Panali yunifomu yowala ngati nyali, pamwamba pake mdima wozungulira wokhala ndi mano. Ndipo nthawi sinali kumbali yathu, chifukwa maso a agogo ankaipiraipira mwezi ndi mwezi. Mayi Jere a ku tchalitchi kwathu ankapita kumudzi sabata ya Khirisimasi isanakwane, ndipo anali atavomera kunyamula chithunzi chachikulu pamanja. Apa n'kuti tili pakati pa Novembala.

Mayi anandituma pansi kuti ndikapemphe a Kamanga atijambulire. Anachiyang'ana chithunzi changa atachitalikitsa, kenako atachiyandikitsa, n'kunena kuti yunifomu ndaijambula bwino kwabasi, ngati a fakitale akufuna wowatsatsira malonda andilembe ntchito. Atandiseka mokwanira anandiuza kuti kamera ndi wantchito wamantha: ikaona choyera imaganiza kuti kunja kwawala kwambiri, imatseka maso msanga, ndipo ife a khungu lakuda timatsala mumdima. Koma zojambula okha anakana. Anandionetsa dzanja lawo likunjenjemera ngati tsamba. Ine ndinaloza chamiyendo itatu choimikirapo kamera chimene chinali pakona.

“Si manja okha, bwana wageni,” anatero, pakuti ndilo dzina limene ankanditcha. “Mayi ako analeredwa bwino. Akaima pamaso panga amagwetsa nkhope, ndipo diso loyang'ana pansi silikola kuwala. Iwe amakuyang'ana m'maso mwenimweni, chifukwa sakukhulupirira.”

Kunena zoona, sindinkawamvetsera kwenikweni. Maso anga anali patebulo, pamene panali kamera yawo, yakuda, yolemera, imene mkamwini wawo anawagulira, ndipo iwo anamangako kutsogolo galasi lawo lakale la ku Limbe, lokutidwa ndi chitsulo. Yofanana nayo ndinali nditaiona pawindo la shopu ina ya mumsewu waukulu, ndipo mtengo wake unandichititsa chizungulire. A Kamanga anaona kumene maso anga anali. Anati ndizibwera Maloweruka khumi, kuyambira thu koloko masana mpaka kuwala kuthe, andiphunzitse, ndipo agogo akadzazindikira mwana wawo pa chithunzi chojambula ine, kamerayo idzakhala yanga.

Apa ndiye munali m'munda mwanga. Ndinati khumi ndi ambiri, munthu ndili ndi homuweki, atatu akwana. Iwo anati asanu ndi atatu. Ndinapukusa mutu, ndinausa moyo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, mpaka kugwira chitseko, monga mmene ndinkaonera amayi ogula tomato ku Ndirande. Ndili chigwirire chitsekocho, ndinaponya mawu osacheuka: asanu, ndipo chikwama chachikopa chikhale mbasela.

“Chabwino,” anatero nthawi yomweyo.

Wamalonda aliyense amadziwa kuti munthu akavomera msanga chotere, pali pena pamene wakudya. Koma ine ndinakwera masitepe awiriawiri, ndikumumvera chisoni mkuluyo.

Loweruka loyamba anatenga tepi yakuda n'kumata fulashi, kenako anandionetsa kabokosi kobiriwira pa gudumu la kamera, kamene ukaikapo kamera imadzisankhira yokha zonse. Anati kameneko ndisadzakakhudze. Zinthu zoti ndiphunzire zinali zitatu, ndipo chilichonse anali atachipatsa dzina lake. Choyamba chinali khomo, kabowo ka m'galasi kolowera kuwala. Nambala ikachepa khomo limakula, ndipo kukada ankalitsegula mpaka pa 2. Koma khomo lalikulu lili ndi vuto lake: limangooneka bwino pamalo pamene walozapo, zakutsogolo ndi zakumbuyo zimasungunuka, ndiye munthu umaloza pa diso limene lili pafupi nawe, osati pamphuno kapena pa khutu. Chachiwiri chinali kuphethira, nthawi imene kamera imakhala itatsegula maso. Kwa munthu wokhala pansi, 60 imakwana ukakanikiza zigongono m'nthiti n'kugwira mpweya. Kwa chinthu choyenda, 250 kapena kuposa. Chachitatu, chija cholembedwa ISO, ankachitcha mchere. Ukachepa chithunzi chimada, ukachuluka chimadzaza mchenga, ndipo pa kamera ya nthawi imeneyo 800 ndi pamene ankati dzanja liyambe kuchenjera. Ukapatsa chimodzi, china chimakulanda. Pamenepo ndinatchera khutu, chifukwa zimenezo ndi malonda, ndipo malonda ndinkawadziwa.

Ndinajambula ketulo. Ndinajambula nsapato zakuda zili pa thaulo loyera. Ndinajambula a Kamanga akutafuna buledi wawo wamakala pafupi ndi windo, mvula ikuwaza pagalasi, mabasi akudutsa ndi nyali zoyaka nthawi isanakwane n'komwe folo koloko, ndipo chithunzi chilichonse ankachiyang'ana kumbuyo kwa kamera n'kungoti, “Bwerezanso.”

Loweruka lachiwiri ndi pamene anandiuza za ntchefu ya pakhoma. Ku Sweden kuja, mkamwini wawo anawatenga pagalimoto kukaona nkhalango, masana ndithu, koma kumeneko dzuwa limaweruka msanga kuposa kuno. Chinyamacho chinatulukira tsidya lina la msewu n'kuima chikudya nthambi. Anatsika mwakachetechete, anakhazika zigongono padenga la galimoto, n'kujambula. Chinatuluka ndi chithunzithunzi chakuda bii, ngati achidula ndi sizasi. Kamera inali itamvera sinowo. Ku Limbe akanayandikira munthu n'kuyeza kuwala pa tsaya lake, koma ntchefu yolemera ngati galimoto suipempha kuti iime kaye uyeze. Ndiye anavula golovesi, anatambasula chikhatho patsogolo pa galasi mu kuwala komwe kuja kumene kunkagwera chinyamacho, anatembenuza manambala mpaka kamuvi koyezera kuwala ka m'kati mwa kamera kanaima pakati, n'kuwonjezerako pang'ono. Atatero sanalolenso kamera kusintha maganizo. Khomo analitsegula lonse, mchere anathira mopanda chifundo, kuphethira anaika pa 250 chifukwa mutu wake sunkakhazikika. Zala zawo zinachita dzanzi mpaka tsiku lotsatira.

“Pamaso pa kamera, ntchefu iyi ndi mayi ako ndi pachibale,” anatero. “Chakuda pakati pa choyera. Usafunse yunifomu. Funsa chikhatho.”

Loweruka lachinayi anati tikayese pa zamoyo. Tinakwera basi mpaka ku Chingford n'kulowa m'nkhalango ya Epping, mmene muli agwape akuda. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo awo, masamba onyowa akumatirira ku nsapato, fungo la dothi ndi nkhuni zowola likundikumbutsa Ndirande mvula yoyamba itagwa, mpaka tinakakhala pa chipika kumapeto kwa dambo la udzu wotuwa. Tinadikira mpaka matako anazizira. Kuwala kutayamba kutha, agwape atatu anatulukira m'mitengo. Ndinakumbukira chikhatho, ndinakumbukira khomo, ndinaloza pa diso. Kuphethira ndinaiwala. Pofuna kuti chithunzi chiwale ndinali nditatsitsa mpaka pa 30, ndipo agwapewo atadzutsa mitu n'kudumpha, ndinajambula utsi wa miyendo. A Kamanga anayang'ana n'kunena kuti m'moyo wawo wonse sanaonepo munthu wojambula mizimu itatu nthawi imodzi. Ine ndinati kamera yawo ndi yakale. Sanakwiye. Anamasula buledi m'pepala, anandigawirako, n'kundiuza kuti mchere ndinali nawo wotsala koma ndinaumira nawo, ndipo mchenga pang'ono pa gwape wooneka ndi wabwino kuposa chithunzi chosalala cha mphepo. M'basi pobwerera ndinawerenga masiku pa zala. Kunali kutatsala Loweruka limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka ndikanapanda kunenerera.

Loweruka lachisanu linafika ndi mitambo. Mayi Jere ankanyamuka Lachiwiri, ndiye chithunzi chinayenera kutsukidwa Lolemba. Mayi anali atachokera ku shifiti m'mawa womwewo, ndipo madzulo ankabwererakonso. Anadzuka itadutsa fili koloko, n'kunena kuti sangajambulitse ndi yunifomu yokwinyika, amayi awo angati kuno akuvutika. Simbi inayamba kuyenda mwaulemu pa kolala, ine ndikuyang'ana kuwala kukuthawa. Malo tinali titasankha kale: pokhotera masitepe, pakati pa kwathu ndi kwa a Kamanga, pamene panali windo lalitali loyang'ana kolowera dzuwa. Tinaika mpando chammbali kuti kuwala kuzigwera tsaya limodzi, ndipo a Kamanga anaima mbali inayo atagwira katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira la m'khitchini, kuti azibwezera kuwala pang'ono ku tsaya linalo.

Mayi atakhala pansi, m'mutu mwanga manambala onse anabalalika. Ndinatembenuka ngati ndikukonza lamba wa kamera, n'kupotoza gudumu mwakachetechete kufika pa kabokosi kobiriwira. Ndinajambula, n'kusuzumira kumbuyo. Diresi lija linali litabweranso, mwini wake kulibe.

“Bwana wageni,” anatero a Kamanga osasuntha, “mwabwerera kwa wantchito wamantha uja?”

Ndinabweza gudumu. Ndinapita pamene panali mayi, ndinatambasula chikhatho pafupi ndi tsaya lawo, n'kuyeza. Mchere 800, khomo 2, kuphethira 60. Ndinabwerera pamalo panga, zigongono m'nthiti, n'kujambula. Nkhope inatuluka. Khungu lawo linaoneka ndi mtundu wake weniweni, ndi kuwala kofewa pachipumi, yunifomu nayo osapserera. Koma maso anali pansi, pa manja amene anawapinda pamiyendo, ndendende mmene a Kamanga ananenera. Ndinawapempha adzutse mutu. Anaudzutsa, anaona mkulu ataima pambali pawo atawanyamulira katoni, n'kuugwetsanso akupepesa kuti tikuwavutitsa bambo.

A Kamanga anatsamiritsa katoni ija pa chogwirira cha masitepe, ananunkhiza m'mwamba, n'kunena kuti akumva ngati asiya buledi pamoto. Anatsika, chitseko chawo n'kutsekeka.

Tsopano mayi anadzutsa mutu, koma nkhope inali ija ya pa chiphaso, youma, ya munthu amene akuwerengera nthawi ya basi. Ndinawauza kuti amwetulire, ndipo anaonetsa mano ngati ali kwa dokotala. Kunja nyali yoyamba ya mumsewu inayamba kuphethira. Ndinadziwa kuti ndatsala ndi mphindi zochepa, ndipo m'thumba mwanga munali mutatsala katundu mmodzi yekha woti n'kugulitsa. Ndinaika diso pa kamera, ndinaloza pa diso lawo la kuwindo, ndinakoka mpweya.

“Mayi, ambulera yanu ija sindinaiiwale m'basi. Ndinasinthanitsa.”

Anandiyang'ana. Aliyense amene analeredwa ndi mayi wa ku Ndirande akudziwa mayang'anidwe amenewo. Maso anatseguka onse, windo lonse linalowa m'menemo, chibwano chinakwera.

“Unasinthanitsa ndi chiyani, Chikumbutso?”

“Pamapeto pake ndi kakamera kaja kanajambula diresi.”

Pakona pa mlomo wawo panayamba kugwedera. Ankafuna kukalipa, kuseka kukuwakankha m'kati, ndipo pakati pa ziwirizo ndinadina katatu. Nthawi yomweyo pansi kaalamu ka utsi kanayamba kulira, chifukwa a Kamanga sankakonda kunama, anakaotchadi buledi. Mayi anaphulika kuseka mpaka misozi, chithunzi chachitatu n'kugwedera. Choyamba chinali chaukali kwambiri. Chapakati ndicho chinapita ku Ndirande. Atapukuta misozi anandiuza modekha kuti ndimalize za kujambulazo, tikambirana. Tinakambiranadi, ndipo mbale za m'nyumba ndinatsuka ndekha mpaka Pasaka.

Tinaimba foni masana a Khirisimasi, a Kamanga ali nafe patebulo. Agogo anati Mayi Jere anafika nacho dzana, ndipo iwo anatuluka nacho panja, padzuwa, n'kuchiyandikitsa kumaso.

“Uyu ndiye Esinati wanga,” anatero. “Ngakhale kachipsera ka pachibwano kakuoneka, kaja anagwa mu mtengo wa mapeyala. Koma wamulakwira ndani? Nkhope imeneyi amapanga akafuna kumenya munthu, kuseka kukumulepheretsa.”

Mayi anangondipatsira foni kuti ndifotokoze ndekha, iwo n'kutembenukira kuwindo akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. A Kamanga anadzuka, anatsika pansi, n'kubwera ndi kamera ili m'chikwama chake chachikopa. Anaiika pamiyendo panga, n'kupempha kuti awonjezere mpunga.

Mashopu atangotsegula, ndinathamangira nayo ku shopu ya mumsewu waukulu ija. Mwini shopu anaitembenuza uku ndi uku, n'kundiuza kuti zamtundu umenewo zinapitidwa kale ndi zatsopano, ya pawindo ija inali ina, ndipo mtengo umene anatchula sukanagula n'komwe nsapato zampira zija. Ndiye mkulu uja ankadziwa. Koma kenako mwini shopuyo anayang'anitsitsa galasi la ku Limbe, anasintha mawu, n'kukweza mtengo kawiri ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinanyamula chikwama, ndinayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, ndinagwira chitseko monga mwa nthawi zonse. Anakwezanso kachitatu. Ndipo ine, amene ndinagulitsa ambulera ya mayi anga ondibala, ndinatsegula chitseko n'kutulukadi. Ndinadziuza kuti ndikudikira mtengo ukwere. Ndikudikirabe.

Loweruka lotsatira, thu koloko itakwana, ndinangopezeka ndikugogoda pansi. Pangano linali litatha, panalibe chimene ndinkalandira. Ndinati ndangobwera kudzafunsa za agwape aja. A Kamanga anasuntha pakhomo kuti ndilowe, ndipo patebulo panali kale makapu awiri. Ndinagogoda chitseko chimenecho Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Tinajambula maukwati m'maholo amdima a ku Tottenham, maubatizo ku Barking, makwaya ovala zoyera, iwo atakhala pampando akuloza ndi chibwano, ine ndikuthamanga ndi kamera. Agwape aja ndinadzawapeza chaka chachiwiri, ndi mchenga wake womwe. Miyendo itawakanika anapita kwa mwana wawo ku Sweden, kumene anakamalizira masiku awo. Tsiku lonyamuka anandisiyira ntchefu ya kuchisanu, ati kumene akupita ziliko zamoyo.

Lero ntchefuyo ili pakhoma m'kashopu kanga, ndipo ndi katundu yekhayo m'menemo amene alibe mtengo. Mafoni amene ndimagulitsa amadzitama kuti amaona mumdima, komabe ku tchalitchi amayi akavala zoyera amaitana ine, ati ndimatulutsa anthu m'zovala. Ndimatambasulabe chikhatho pafupi ndi tsaya la munthu ndisanajambule, ana anga n'kumaseka kuti adadi akupempha ndalama.

Pali kanthu kamodzi kamene ndinadzakazindikira nditakula, mkazi wanga atandiuza kuti nditenge kalendala ndiwerenge. Kuchokera tsiku limene ndinagwira chitseko chija kufika tsiku limene Mayi Jere ananyamuka, panali Maloweruka asanu ndendende. A Kamanga ankapemphera tchalitchi chomwecho, ndipo tsiku la ulendowo ankalidziwa bwino. Khumi aja sanalipo n'komwe chiyambire. Anangondiikira kuti ndipeze chodula.

Komabe taonani nokha. Ine ndinatsitsa khumi kufika pa asanu, ndinatenga kamera, ndinatenga chikwama cha mbasela, ntchefu n'kubwera pamwamba. Iwo anatenga Maloweruka anga a zaka zisanu ndi chimodzi osandipatsa kalikonse koposa buledi wamakala. Mkazi wanga ali ndi yankho lake, ine ndili ndi langa. Nanga inu mukuti anadya mnzake ndani?